Manja Abuluu, Lupanga Lansungwi

8 Januwale 1954

Tsiku loyamba ku dojo, nyumba yophunzirira kumenyana ndi malupanga. Amuna okhaokha, mkazi ine ndekha. Matabwa apansi ozizira ngati madzi a tofu, chakudya cha soya chimene timagulitsa kwathu. Aphunzitsi a Kuroiwa sanandifunse chomwe ndadzera. Anangoyang'ana lupanga lansungwi la achimwene Shozo, amene sanabwereko kunkhondo, n'kunena kuti, "Logwira ndi dzanja lamanzere. Lamanja limangoperekeza." Kenako kuwerama ndi kukwekweza mapazi basi. Chidendene chamanzere chisagunde pansi. Thuza lalikulu kuphazi. Azakhali Tome ndawauza kuti ndinali kunyumba yosambira.

12 Januwale

Azakhali adziwa. Malaya a achimwene, amene ndimavala ku dojo, amasuluka utoto ndikachita thukuta. Buluu mpaka m'zikhadabo, ndipo m'mawa chala changa chinadinda pa tofu wa kasitomala. Anati, "Fusae, asilikali anagonja ndi malupanga enieni. Iwe ukaphula chiyani ndi nsungwi?" Sindiyankha ine. Koma Lachisanu ndipita.

19 Januwale

Aphunzitsi andionetsa kumasula lupanga. Zibenthu zinayi za nsungwi. Kupala m'mphepete ndi chidutswa cha botolo, mafuta pang'ono, kukunganso chingwe. Akuti kaminga kamodzi kangaboole diso la mnzako. Likakhala pansi osalilumpha. Osalitsamira ngati ndodo ya nkhalamba. Izi ndimazikonda, sizifuna kulankhula.

Chovuta n'kufuula. Pomenya uyenera kukuwa kuchokera m'mimba. Ine kamawu kanga kaja. Goto wa kupositi anati, "Waponda mwana wa mphaka ndani?" Onse kuseka. Nkhope kutentha. Aseke.

24 Januwale

Azakhali andipezera mwamuna. Mwana wa a Hirakawa, eni sitolo ya mpunga. Kukaonana Lamlungu likudzali. Akuti tofu yekha sangatidyetse anthu awiri mpaka kale. N'zoona, ndikudziwa.

Ndili kokatenga soya, iwo achapa magolovesi a achimwene a ku dojo m'madzi otentha, n'kuwaumitsa pambaula. Akuti ankanunkha. Chikopa chake cha gwape chauma gwa ngati nsomba yowamba. Zoterezi zimayanikidwa pamthunzi, podutsa mphepo, ndipo azakhali ankawaona achimwene akutero zaka zonsezo. Sikuiwala ayi.

Ndalira kuseri kwa nyumba. Kenako kufikisa chikopacho, kufikisa. Lamanzere layamba kupindika.

31 Januwale

Manja ndinakhula ndi gaga wa mpunga mpaka kuwawa. Buluu osachoka. Azakhali panjira: "Uwabise m'mikono ya kimono, pakamwa utseke. Wolankhula ndine."

Mnyamatayo si woipa. Makutu aakulu, maso pansi ngati ine. Ndinamumvera chisoni pang'ono. Ofunsa anali amayi ake: "Tamva kuti mtsikanayu amapita kwa a Kuroiwa." Azakhali anaseka. "Zachibwana, mayi. Anasiya kalekale."

Ine ndinati, "Sindinasiye."

Mawu anatuluka aakulu, sindikudziwa kumene anachokera. Mnyamata uja anataya tiyi pamkeka. Azakhali anayamba kukonza nkhani, ndiye ndinabwereza. Kachiwirika ndinaika manja abuluu aja pathebulo.

Pobwerera iwo patsogolo, ine pambuyo.

5 Febuluwale

A Hirakawa akana. Azakhali anangonena chimodzi, kuti mwezi uno ukatha ndidzifunire pokhala. Kuchokera apo, zii. Mpunga wanga amausiya pansi pafupi ndi chitseko. Ndamva kuti kufakitale ya ulusi amalemba atsikana, pogona pomwepo. Sindidziwako aliyense. Mantha alipo, sindingadzinamize.

Lero aphunzitsi andilola kuvala chisoti chotchinga mutu ndi nkhope. Chachikulu, ndinachita kupinda kansalu kawiri mkati. Magolovesi akadali olimba, amaluma zala. Anandiimika ndi Goto. Anandimenya pamutu ndi mphamvu zonse, momwe amamenyera amuna anzake. M'maso mdima. Makutu akulirabe pano.

Aphunzitsi anati, "Ukufuna kupuma, mwanawe?"

Ndinakweza lupanga.