Za Dokotala Laras Kukwera pa Chifuwa cha Mbah Haji Kasmuri

KOMITI YA CHIPINDA CHA ODWALA MWADZIDZIDZI

Tsiku: Lachinayi, 15 Meyi, 10 koloko m'mawa
Malo: Chipinda cha misonkhano, pamwamba pa khitchini ya chipatala

Opezeka: Dokotala Hartoyo, wapampando, Bu Sumiyem, mkulu wa anamwino, Dokotala Laras, wa miyezi inayi pa ntchito, woyankha mlandu, Pak Darmaji, wodandaula, ndi ine Yoyok, woimira okankha mabedi a odwala.

Osapezeka: Mbak Endang, mlembi weniweni, ali m'chikuta. Ndiye cholembera chagwera ine. Sukulu ndinaisiya panjira, wopeza cholakwa akonze yekha.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anati mlembi alembe zonenedwa zokha, osathira mchere. Mlembi anagwedeza mutu.

2. Dandaulo

Pak Darmaji anati Lachisanu lapitali bambo awo, Mbah Haji Kasmuri, a zaka 71, anabwera kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kugwa pakhonde. Anati kanema wa pafoni wazungulira mudzi wonse: mtsikana atakwera pamwamba pa Haji, bondo uku bondo uku, atang'amba ndi sizasi mkanjo woyera wogula ku Maka. Nthiti zitatu zathyoka.

"Bambo anga atsogolera swala zaka makumi atatu," anatero. "Mkazi wachilendo samugwira ndi dzanja lomwe. Lero ana akuwaonera pafoni!"

Wapampando anawerenga lamulo lathu: dokotala wosakwanitsa chaka asayambe chachikulu chilichonse asanaitane mkulu wake. Wophwanya amalandira kalata ya chenjezo, amachotsedwa m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, ndipo chaka chake chophunzira ntchito amachiyambanso.

3. Umboni

Wapampando anafunsa kumene madokotala akuluakulu anali.

"Kumzikiti, Dok, limodzi ndi inu," anatero Bu Sumiyem. "Lachisanu, 12 koloko. Mafoni onse ozimitsa. Inuyo ndinakuimbirani kanayi."

Wapampando anatsokomola, n'kufunsa ngati panali mwamuna aliyense. Panali ine. Anafunsa chimene ndimachita kunja kwa mzikiti nthawi ya swala. Ndinati ndinali ndi zokambirana ndi mbale ya bakso, msuzi wa timibulu ta nyama, kuseri kwa khitchini. Anati zimenezo zisalembedwe. Zalembedwa.

Mlembi anaperekanso umboni, motere. Nditamva kulira ndinathamanga. Ndinapeza azimayi a banja atayamba kale mapemphero a womwalira, wina akufuna kansalu komangira chibwano. Milomo ya Mbah itada bii. Ine mitembo ndakankha yambiri, ndimaidziwa. Uja unali mtembo.

Tinawakweza pabedi la matayala. Kunabwera Dokotala Laras, amene ine ndimawatcha Dokotala Kanyerere chifukwa amandilekeza m'khwapa. Anagwira pakhosi pa Mbah n'kunena kuti, "Palibe, mtima waima." Bedi lalitali, iwo afupi. Anayang'ana chopondera, kulibe. Basi anavula nsapato, n'kukwera.

"Mas Yoyok, kankha! Usaime!"

Ndinakankha. Iwo pamwamba akukanikiza pachifuwa ndi thupi lonse, akuwerenga mokweza, Bu Sumiyem akuthamanga pambali ndi chopopera mpweya. Pokhota pa khomo la ku mankhwala ndinamva nthiti kuti thyo!

"Dok, mwathyola!"

"Zidzalumikizana. Kankha, iwe!"

Munthu yemwe m'mawa amandipatsa moni ngati akupepesa, mawu amenewo anawatenga kuti? Mphindi khumi ndi zinayi osapuma, mpango wa kumutu utanyowa ngati wachapidwa. Makina a magetsi odzutsira mtima anawomba kawiri. Kenako kamzere ka pa galasi la makinawo, kamene kamangonjenjemera, kanadumpha. Kanadumphanso. Mbah anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'chitsime. Ine ndinakhala pansi pakona. Bakso ndinamupeza atazizira ndipo sindinadandaule.

Wapampando anafunsa Dokotala Laras kumene anaphunzira zimenezi. Anati kusukulu anayeserapo kawiri pa chidole. Kuno chidole chili m'kabati, m'pulasitiki mwake, chimatuluka kukabwera oyendera zipatala. Ndiye iwo amayeserera pa mtsamiro wautali wogona nawo.

"Simunaope?" anafunsa wapampando.

"Kwambiri, Dok. Lamulo ndimalidziwa, pepani. Koma kumzikiti n'kutali, ndipo ubongo sudikira swala kutha."

Bu Sumiyem anati anafunsa madokotala atsopano enawo, asanu, zimene akanachita. Onse anati akanaimba foni n'kudikira mkulu. Anafunsanso amene amasunga kiyi wa kabati ya chidole. Wapampando anagwira m'thumba mwawo. Munalira makiyi.

4. Mlendo wosaitanidwa

Chitseko chinatseguka. Analowa Mbah Haji Kasmuri pa njinga ya odwala, akukankhidwa ndi akazi awo, chipewa choyera kumutu, chifuwa chomangamanga. Tonse tinaimirira.

"Darmaji, wamusumira ndani?"

"Bambo, ine ndimateteza ulemu wanu..."

"Ulemuwo ukanaukulunga m'sanda limodzi ndi ine? Werenga masiku. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Bwenzi pano ukuyala mphasa za ondipempherera, amayi ako akugawa mpunga m'timabokosi. Mkanjo ndili ndi wina."

Ndinati, "Mbah, mpunga wokhawo tisauphonye." Anayamba kuseka, n'kugwira pachifuwa. "Iwe, usandiseketse, mwanayu wandithyola ngati nkhuni!"

Kenako anaitana Dokotala Laras. "Mwanangu, sendera kuno."

Dokotala anasendera, n'kuwerama kuti atenge dzanja la Mbah aliike pamphumi pawo, monga timachitira ana kwa akulu. Ali pakati anakumbukira kuti Haji sagwira akazi, anabweza dzanja mwamanyazi. Mbah ndi amene analigwira. Analigwira ndi manja onse awiri, kadzanja kakang'ono ngati ka mwana wasukulu, anaweramitsa mutu pang'onopang'ono chifukwa cha nthiti zija, n'kuliika pamphumi pawo.

Haji. Wa zaka 71. Kwa mtsikana wa zaka 24.

Bu Sumiyem anatseka pakamwa ndi mpango. Mlembi sanalembe kanthu kwa nthawi ndithu, m'maso munalowa utsi wa kukhitchini.

Pak Darmaji anati dandaulo alichotsa. Anafunsa ngati kanema uja angafufutidwe. Mbah anati ayi, aliyense aone.

5. Zogwirizana

(a) Kalata ya chenjezo palibe. Wapampando anaing'amba, anali atailemba kale.
(b) Lamulo lasintha: mtima ukaima, yamba kaye, wina aziimba foni.
(c) Chidole chituluke lero, kabati isakhomedwenso. Madokotala onse aziyeserera Lolemba lililonse. Bu Sumiyem anati onse ndiye onse, woyamba wapampando. Wapampando anati chabwino, mwakachetechete.
(d) Pansi pa bedi lililonse la matayala pamangiriridwe chopondera.

6. Zina ndi zina

Mlembi anabweza nsapato za Dokotala Laras zimene anatola pakhonde. Anazipukuta. Analengezanso kuti dzina la Kanyerere lathetsedwa.

Mlembi anapempha kuti naye aziyeserera pa chidole. "Iwe, wothawa sukulu?" anatero Bu Sumiyem. Dokotala Laras anati manja ali nawo, kuwerenga mpaka 30 amatha.

Msonkhano wina: Lachinayi, 12 Juni, malo omwewa.

Msonkhano unatha 11:20 popanda pemphero lotsekera, chifukwa belu la odwala mwadzidzidzi linalira pansi. Wapampando anayamba kudzuka, n'kukhalanso, n'kuyang'ana Dokotala Laras. Iwo anali atafika kale pakhomo. "Mas Yoyok, tiye!"

Wapampando: Dr. Hartoyo ....................

Mlembi wogwirizira: Yoyok (ndisaina pobwera) ....................