Nsalu ya kampeni yandisokonezera banja

Agogo,

Ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Ndine bambo wa ana atatu, ndimagwira ntchito yodulira tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, ndipo timakhala kukomboni, m'nyumba za kampani. Akazi anga, amake Mwai, amathyola tiyi pa esiteti yomweyo, koma iwo amalembedwa pa sizoni ya mvula basi, miyezi inayi n'kumangogwira maganyu. Mwana wathu womaliza sanakwanitse n'komwe zaka ziwiri.

Kuno kampeni yafika povuta. Amene akulimbirana kwambiri mpando wa phungu ndi awiri, bambo wina ndi mayi wina. Galimoto ya bamboyo imadutsa m'misewu ya m'tiyi ndi chimkuzamawu, "Wovotera mayi uja wavotera kupha ana! Akangolowa ku Nyumba ya Malamulo akavomereza bilu yochotsa mimba!" Ya mayiyo nayo ikabwera, "Amayi akutha ndi zitsamba ndi timitengo ta chinangwa, inu mukuyang'ana kumbali!" Kutchalitchi abusa anatiuza kuti tikavote ngati anthu oopa Mulungu, ndipo aliyense anamva kumene mawuwo akulowera. Ine zandale sindizitsata kwenikweni, Agogo, ndimangodziwa mpeni wanga wodulira.

Tsono anthu a mayiyo atabwera kudzagawa nsalu, amake Mwai analandirako imodzi. Ine sindinaonepo vuto, nsalu ndi nsalu. Ndi chiperoni cha chaka chino ankaimanga m'chiuno pamwamba pa pulasitiki yotchingira mame popita kumunda, nkhope ya mayiyo ili kumbuyoku, komboni yonse ikuona.

Nthawi imeneyo anali ndi pathupi pa miyezi itatu. Apa ndisabise, tsiku limene anandiuza za mimbayo sanasangalale. Anati, "Abambo ake Mwai, ine ndatopa. Mvula ikagwa akapitawo adzandilemba ndili ndi chimimba? Tidzadya chiyani?" Ndinangoti Mulungu adziwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sabata yatha anayamba kutaya magazi ali m'munda, ine ndili mbali ina ya esiteti, kutali. Anzawo anaitana Asumani, mnzanga wa kabaza ya njinga yamoto, n'kuthamangira nawo kuchipatala. Kumeneko anawatsuka m'mimba, anagonako, mawa lake n'kutuluka. Iwo akuti anapita padera.

Koma achemwali anga aakulu, a Lizzie, amene amatsogolera amayi ovinira bambo uja, akuti ayi ndithu. Anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kuti, "Achimwene, tsegulani maso. Munthu akapita padera amaitana amayi aakulu kuti aone, akataye mwamwambo, amupatse mankhwala. Alamu anathamangira kuchipatala ndi wakabaza, palibe mmodzi wa ife anaona kanthu. Nanga nsalu ija ankavala simunaione? Amene aja anachotsa." Anawaletsa kuthira mchere m'ndiwo, akuti tonse titupa ndi tsempho, ndipo ana anga anawatenga, akudya kwawo. Kumjigo amayi akawaona akazi angawo amasuntha zidebe. Ana a eni ake ayamba kudzaimbira nyimbo ya kampeni pakhomo pathu penipeni.

Ndinakamufunsa Asumani kuti mwina anamva kanthu panjira. Anandiyang'ana n'kuti, "Aise, nafenso kumzikiti ashehe analankhulapo za biluyo, ndipo ine sindikuifuna. Koma tsiku lija ndinanyamula munthu wolefuka, mpando wonse magazi okhaokha. Sindinawafunse za voti." Yankho limenelo m'malo mondimasula linandiwonjezera chizungulire.

Kenako ndinawafunsa eni ake. Mwina ndinafunsa moipa, chifukwa ndinayambira pa nsalu. Anangoti, "Nanunso?" Kuchokera pamenepo amagona chotembenukira kukhoma.

Pano a Lizzie aitanitsa ankhoswe Lamlungu likudzali kuti amake Mwai aulule, apo ayi abwerere kwawo ku Khonjeni. Akazi angawa ndimawakonda, Agogo, sitinatukwanizanepo chikwatiranireni. Komanso mawu aja oti ndatopa akungondilira m'khutu. Kuwonjezera apo, kuyambira dzana thupi lawo latentha, akunjenjemera ngakhale dzuwa lili pamutu, m'mimba mukuwapweteka ndipo nsalu zimene akusintha zikununkha. A Lizzie akuti chimenecho ndi chizindikiro choti analakwadi. Nditanena zobwerera kuchipatala akazi angawo anandiyankha kuti, "Mukufuna akandimange? Simunamve chimkuzamawu chija? Mbiri ya kukomboni kuno ikafika kwa anamwino andiitanira apolisi." Ndiye ndangowagulira panado.

Ndingadziwe bwanji ngati anachotsa kapena anapitadi padera? Kodi kuchipatala angandiuze, poti ndine mwamuna wawo? Lamlungu ndikaime mbali iti? Nanga tsiku lachisankho, ndikavotera bamboyo ndiye kuti ndaweruza akazi anga, ndikavotera mayiyo ndiye kuti ndavomereza tchimo? Ine ndathedwa nzeru.

G.N., Luchenza

Mwana wanga G.N.,

Koma inu! Munthu anatsukidwa m'mimba sabata yatha, lero thupi latentha, akunjenjemera, zotuluka zikununkha, inu muli pa voti? Limenelo si tsempho, komanso si chilango. Ndi zizindikiro zoti m'chiberekero mwalowa matenda, ndipo matenda amenewo akafalikira m'magazi sachedwa kupha. Panado amangoziziritsa thupi, matendawo n'kumapitirira m'kati.

Itanani Asumani lero lomwe lino, mukhale kumbuyo muwagwirizize akazi anuwo. Ngati sangathe kukhala panjinga, thamangirani kukiliniki ya esiteti mukapemphe galimoto. Musaiwale buku lawo lakuchipatala, ndipo mukafika nenani zonse monga mwandiuzira ine, za fungo zomwe, osachita manyazi.

Mantha a apolisiwo muwachotse. Chithandizo cha mayi amene mimba yachoka chimaperekedwa kwa aliyense, kaya inachoka yokha kaya ayi. Ntchito ya anamwino ndi kuchiza ndi kusunga chinsinsi cha wodwala. Chinsinsi chomwecho chikukhudzanso inu: sangakuuzeni kanthu eni ake asanalole, ndipo nthawi zambiri ngakhale adokotala sangathe kusiyanitsa.

Anachotsa kapena ayi? Ine sindikudziwa, a Lizzie nawonso sakudziwa. Mimba zambiri zimachoka zokha m'miyezi yoyambirira, ngakhale kwa amayi amene anachita kuzipempherera. Mawu oti "ndatopa" mayi aliyense wa ana atatu anawanenapo, ine ndemwe ndinawanena kangapo. Tsono nsaluyo, abale! Kwanga kuli nsalu za zipani zitatu, ina ndimayanikapo ufa. Akanati azindiweruza nazo, bwenzi ndili wa chipani chilichonse m'dziko muno.

Chimene ndikuchidziwa n'chakuti mkazi anakuuzani kuti watopa, inu munamuyankha kuti Mulungu adziwa, n'kumusiya asenze yekha. Atataya magazi n'kupulumuka, funso lanu loyamba linali la nsalu. Zimenezo zimapweteka. Pepesani, ndipo musawakakamize kuyankha.

Ankhoswe muwatumizire uthenga kuti Lamlungu kulibe mlandu, kuli matenda. A Lizzie ndi achemwali anu, alemekezeni, koma auzeni poyera kuti kampeni yawo akachitire kubwalo, osati m'nyumba mwanu. Ana abwerere pakhomo, mayi wawo awaone. Za mcherezo, ngati mtima wanu ukuopa mwambo, dzanja muli nalo, thirani nokha. Akadzachira mudzapitire limodzi kukamva za kulera, chifukwa kutopa kuja sikunathe.

Pa za voti, lamulo la pano limalola kuchotsa pathupi pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi, ndipo bilu imene akukanganiranayo ikufuna kuwonjezera zifukwa zina, monga kugwiriridwa. Anthu opemphera, a nzeru zawo, alipo mbali zonse ziwiri, choncho ine sindikusankhirani. Fufuzani bwino, osangodalira chimkuzamawu, mukachonge amene mtima wanu wamufuna. Pepala lovotera silikagamula banja lanu.

Ndikuchenjezeni: akazi anuwo musawamwetse zitsamba, musawagulirenso mankhwala pagolosale, ndipo musadikire Lamlungu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Uthenga wanu utangofika sindinadikire tsiku la nyuzipepala, ndinaimba nambala yanu. Inaitana osayankhidwa, mawa lake siinkapezekanso. Ndikudzilimbitsa mtima kuti muli kuchipatala, foni yangotha moto. Ngati mukadali pakhomo, ikani pansi nyuzipepalayi, muwanyamule. Nyengo ya kampeni ino, onse awiri opikisanawo bokosi angakugulireni mosanyinyirika, n'kudzalimbirana kulankhula pamaliro. Musawapatse mpata umenewo.

Agogo