Mbendera Yomanga ndi Waya

Kumtunda kwa mtsinje, Oita
24 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga a Fukiko,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mwana wanu Tatsuro ndi mkazi wake, ndiponso kuti chisanu cha ku Sapporo sichinayambe kukulumani m'mawondo. Mapepala munatumiza aja ndinalandira. Chithunzi cha chipinda chimene Tatsuro wandipezera kunyumba yosamalira okalamba ndachiona, ndipo n'chokongola, sindikana. Munati yankho lifike mwezi uno usanathe. Yankholo lili m'kalata muno, koma muyambe mwakhala pansi, chifukwa ndili ndi bodza loti ndiulule, komanso si limodzi ayi.

Chimfine ndinakuuzani pafoni mwezi watha chija sichinali chimfine. Ndinali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha. Mawu munamva aja, mukuti, "Ndani akuyankhulayo?" ine n'kuti ndi wailesi yakanema, anali a namwino akundiuza kuti nditsegule pakamwa. Pepani achemwali. Ndinadziwa kuti mukamva zoona, Tatsuro afika ndi galimoto yonyamula katundu ndisanatuluke n'komwe m'chipatalamo.

Kuti mumvetse, ndiyambire pa mbendera. Sukulu yathu ya pulayimale ija inatsekedwa, ana anachepa. Mayi Anan, namwino wopuma ntchito uja, anapempha nyumbayo n'kuyambitsamo kabungwe kothandiza anthu a m'mudzi muno. Lachitatu lililonse amaphika chakudya kuti ana ndi akuluakulu adyere pamodzi, ndipo m'mawa amawongola mafupa pabwalo potsatira wailesi. Ife okhala tokha anatigawira timbendera tachikasu. Ukadzuka uli bwino, umaika mbendera pachipata, madzulo n'kuilowetsa. Nthawi ya 8 koloko munthu wa bungwe amazungulira, ndipo akapeza chipata chopanda mbendera amalowa kukaona. Wozungulirayo ndi a Himeno, omwe aja ankakuponyerani timakalata tachikondi m'chikwama tili kusukulu. Anakalambira pa ntchito yogawa makalata, ndipo mpaka lero njinga yamoto sakuisiya.

Ine kambenderako sindinakakonde kuyambira tsiku loyamba. Amuna anga a Kiyoharu anali atangomwalira kumene, ndiye kansalu kaja ndinkakaona ngati chikwangwani chouza aliyense wodutsa kuti muno mwatsala nkhalamba yokha. Komabe ndinkaika, kuopa kunenedwa.

Tsiku lina mu Juni ndinaiwala. Ndinali kubafa ndikupaka mankhwala odetsa tsitsi, jumbo kumutu, mano ali m'kapu. Ndinangomva chitseko gwa! munthu akuthamanga m'nyumba, nsapato osavula n'komwe.

"A Sumie! A Sumie! Mwafa kodi?"

"Ndikadafa ndikadakuyankhani? Tulukani!"

Anaima pakhomo la bafa, kukamwa yasa, maso ali pa jumbo ija. Kenako akuti, "Ha! Ndiye kuti tsitsi lakuda lija n'la m'botolo?" Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utadziwa. Iwo amalumbira kuti anangouza akazi awo okha, ngati kuti zimenezo n'zochepa.

Madzulo ake ndinatenga waya wa a Kiyoharu womangira nthambi, n'kumanga mbendera ija pachipata zolimba, kuti isachokenso. Nyumba yathu ndi yomaliza kumtunda kuno, madzulo sikudutsa munthu. M'mawa uliwonse a Himeno ankafika, n'kuona chikasu, pipiii! n'kutembenuka. Ine m'nyumba ndinkaseka ndekha, ndikudziona wochenjera kwabasi. Ku chakudya cha Lachitatu ndinasiya kupita. Ndiwo zimene bungwe limatumiza m'makomo ndinazikananso, ndinati manja ndili nawo.

Wotumidwa ndi ndiwozo ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, dzina lake Nanoka. Anabwera chaka chatha ndi mayi ake kuchokera mumzinda, ukwati utatha, ndipo akukhala m'nyumba yakale ya a Shuto, tsidya lija la mtsinje. Mwanayu anasiya sukulu. Ankangodzitsekera kuchipinda, osayankhula ndi munthu, mayi ake akulira. Mayi Anan ndi amene anamunyengerera kuti azinyamula ndiwo kupita nazo kunyumba zisanu za kumtunda kuno nthawi ya 10 koloko, pamene anzake ali m'kalasi ndipo sangakumane nawo panjira. Ankadutsa pakhomo panga pa kanjira kochokera kumtsinje, chipewa chili m'maso, kansalu kali pakamwa, moni osapereka. Ine mumtima ndinkati, ana a masiku ano, mwano wokhawokha.

Tsopano tsiku lakugwalo. Mtengo wa zipatso za kaki wa kuseri uja wabereka chaka chino moti nthambi zikuchita kulira, ndipo akhwangwala anali atayamba kundithera zipatso. Ndinadzuka m'mamawa, ndisanachite kalikonse, n'kutenga makwerero. Musandikalipire, ndadzikalipira kale. Phazi linaterereka pa mame, ndipo ndinangozindikira ndili pansi, kakolo atapindikira kumene sayenera kupindikira. Foni inali m'nyumba. Ndinayesa kukwawa, ululu unandibweza.

Itakwana 8 koloko ndinamva njinga ya a Himeno ikukwera chitunda. Ndinakuwa, achemwali, ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma mawu a nkhalamba angapose injini? Njinga inaima pachipata. Kenako pipiii! n'kutembenuka, phokoso likuchepa, likuchepa, mpaka zii. Mbendera yanga inawauza kuti ndili bwino, monga momwe ndinaiphunzitsira. Pamenepo ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa mwendo. Ndinaganiza kuti mawa adzabweranso n'kuliza belu lomwelo, mkuja chimodzimodzi, ine ndili pansi pa mtengo. Ndinachita mantha oopsa, ndipo kuzizira kunayamba kundilowa m'mafupa.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinamva mapazi akuthamanga kuzungulira nyumba, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Agogo! Agogo, muli kuti?"

Anali Nanoka. Anavula jekete lake n'kundifunditsa, anaimba foni, kenako anakhala pansi pa mame n'kuika mutu wanga pamiyendo pake. Podikira ambulansi ndinamufunsa kuti, "Iwe mwana, walowa bwanji muno, mbendera ili pachipata?"

"Mbendera yanu ndi yabodza," anatero. "Pali ukonde wa kangaude kuyambira mu Julayi. Mukanamaichotsa madzulo, ukondewo bwenzi ukuduka."

Manyazi ake! Ndinati, "Nanga wadziwa bwanji kuti lero zavuta?"

"Chisanza chanu. M'mawa uliwonse mumapukuta pakhonde n'kuchiyanika pampanda. Ndikamadutsa ndimachikhudza. Chikakhala chonyowa ndimapitirira. Lero chinali chouma gwa."

Miyezi inayi, achemwali. Mwana amene ndinkamunena mwano uja, miyezi inayi ankakhudza chisanza changa chokolopera kuti adziwe ngati ndili moyo, ine ndikumuyang'ana pazenera ndi diso loipa. Ndinangogwira dzanja lake mpaka ambulansi inafika.

Ndili m'chipatala, Mayi Anan anabwera kudzandiona. Mayi ameneyu sazungulira. Anati, "A Sumie, ife achemwali anu sitiwaimbira foni, nkhaniyi ndi yanu. Koma muwalembere nokha. Munthu wonamiza mbendera, n'kunamizanso abale ake, ife tingamusamale bwanji?" Anandiuzanso chinthu chimene chinandipweteka kuposa mwendo. A Himeno anali atabweza makiyi a njinga ya bungwe. Ankati iwo ndi amene analiza belu munthu akufa kuseri, choncho sakuyeneranso ntchitoyo. Akazi awo ankati ngakhale mpunga sakudya.

Nditatuluka, Lachitatu loyamba, ndinapita kusukulu kuja ndi ndodo ziwiri. Anthu anali atakhala pa chakudya, ana akusokosa. Kugwada sindikanatha, ndiye ndinangoweramitsa mutu mpaka unagunda tebulo, n'kunena zonse, za waya, za ukonde, osasiyako. Ndinati, "A Himeno, wolakwa ndine. Inu munaona chimene ndinakuonetsani."

Kenako kumbuyo, pafupi ndi khomo, kunamveka mawu aang'ono. Nanoka anali atabwera ndi mayi ake, koyamba kulowa m'chipinda chodzaza anthu chiyambire chaka.

"Inenso ndinalakwa," anatero. "Ndinkadziwa za wayayo koma sindinanene. Ndinkaganiza kuti agogo sakufuna kuonedwa ndi anthu, ngati ine."

Mayi ake anagwira pakamwa. A Himeno anatulutsa kampango n'kumina mwaphokoso, kenako anandiloza ndi timitengo todyera. "A Sumie, njinga nditenganso. Koma kuyambira mawa ndizitsika n'kuigwedeza mbendera yanuyo. Ndikapezanso waya, ndiuza mudzi wonse za mano aja."

"Za manowo simunanene kale?"

"Ayi, ndinasunga. Munthu samaliza zipolopolo zonse tsiku limodzi."

Anthu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ndinaona mapewa a Nanoka akugwedezeka kuseri kwa kansalu kake. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri za mpunga ndi msuzi wa dzungu. Ndinali nditaiwala kuti chakudya chimakoma ukamadya wina akukulanda mchere.

Makaki aja anathyola ndi achinyamata a bungwe, ine ndikulamula ndili pampando. Tsopano Lachitatu lililonse ndikuphunzitsa ana kusenda ndi kumanga pa chingwe kuti aume, monga amayi ankachitira. Ana a masiku ano mpeni amaugwira ngati cholembera, theka la chipatso limapita ndi khungu, ndipo ndimawakalipira ndithu. Koma amabweranso. Khonde lonse la sukulu lafiira ndi makaki olendewera, mukanaona mukanalira. Nanoka ndiye wadzanja labwino kuposa onse, ngakhale sindimuuza kawirikawiri, angadzimve. Adokotala akuti fupa likugwirana msanga kuposa momwe ankayembekezera, ndipo ndodo imodzi ndaisiya kale. M'mawa ndimakhala pampando pabwalo n'kumakweza manja potsatira wailesi, pakati pa ana ndi nkhalamba zinzanga.

Sabata yatha mwana uja anandiuza, maso ali pa mpeni, kuti akufuna kuyesa kupita kusukulu Lachiwiri ndi Lachisanu, akangokhala m'chipinda cha namwino kaye. Kenako anafunsa kuti, "Koma agogo, ndamva kuti mukupita ku Sapporo. N'zoona?" Ndinamuuza kuti ndikulemba kalata. Anangosenda kaki lija mpaka linatsala kanthu kakang'ono.

Ndiye yankho langa ndi ili, achemwali: sindibwera. Ndakuuzani zonse, ndipo ndikudziwa kuti ndakupatsani ndodo yondimenyera. Mukhoza kuonetsa Tatsuro kalatayi n'kunena kuti, "Waona, anagwa, akanafa." N'zoona, ndikanafa. Koma amene anafuna kundipha si mudzi uno ayi, ndi waya wanga womwe, ndipo ndinaudula ndi manja anga, Nanoka atandigwirira ndodo. Makwerero ndinapereka kubungwe. Tsiku limene miyendo kapena mutu zidzakane, Mayi Anan ndawapatsa nambala yanu, ndipo ndalonjeza pamaso pa anthu kuti sindidzatsutsa. Koma lero pali mwana amene akufuna kuvala yunifolomu koyamba m'chaka chathunthu, ndipo njira yake yopita kokwerera basi waisintha dala kuti idutse pachipata panga. Mumuthokoze Tatsuro kwambiri, chipindacho apatse wina amene akuchisowa.

Tsopano ndinene zanu, ngakhale ndinu aakulu. Pafoni paja munandiuza kuti Tatsuro ndi mkazi wake amachoka m'mawa n'kubwera kutada, ndipo inu mumakhala pa nsanjika yachisanu ndi chinayi tsiku lonse osatsegula pakamwa, mpaka mawu amachita dzimbiri. Munanena moseka, koma ine sindinaseke. Ndakhala ndikuganiza kuti mwina chipinda chija simunandifunire ine ndekha. Ngati ndi choncho, bwanji osangonena kuti mwandisowa? Inenso ndakusowani, achemwali, kwambiri. Bwerani mu Epulo chisanu chikatha, mudzakhale mwezi wathunthu. A Himeno akuti adzakutengani pa njinga kuchokera kokwerera basi, akazi awo akuti ayerekeze.

M'phukusili muli makaki ouma khumi ndi awiri. Okongolawo anasenda Nanoka, opindikawo ndi a ana ena, mudye onse. Pansi pake mupeza kansalu kachikasu. Mukazindikira: ndi nsalu ya amayi yokulungira katundu ija, imene tinkalimbirana pa maliro awo. Ndaidula pakati. Theka lili pachipata panga, theka ndakusokerani inu. Muziliika pazenera m'mawa uliwonse, mulijambule ndi foni, n'kutumiza ku nambala ndalemba kuseri kwa pepalali. Ndi ya Nanoka. M'kabuku kake ka nyumba zisanu za kumtunda walembamo yachisanu ndi chimodzi, ndipo ndi yanu. Akuti chithunzi chikapanda kufika pofika 10 koloko, aziimba foni mpaka muyankhe.

Moni kwa Tatsuro ndi mkazi wake. Muvale masokosi awiri, mawondo anuwo ndimawadziwa. Kumanda kwa amayi ndi abambo ndinatuma ana kukasesa, ndipo ndinawauza kuti anene kuti mukubwera.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Sumie

Ndinaiwala chimodzi. Musayerekeze kujambula zithunzi zambiri tsiku limodzi kuti muzitumiza pang'onopang'ono, ndikukudziwani, magazi athu ndi amodzi. Madzulo mbenderayo muziichotsa ndi dzanja lanu, m'mawa n'kuiikanso. Musaimange ndi waya, achemwali. Mwana uyu amaona.