Mawu a Bambo a Dixon pa Bwalo la Besibolo

South Bend, Indiana

Okondedwa Achimwene a Lucious,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Makwasa. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno matupi ali bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Koma pakhomo pano palibe mtendere, ndipo ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndingayambe kulira musanamve mutu wa nkhani.

Nkhani yake ndi ya mwana wathu Tiffany ndi bwenzi lake Dixon, mzungu uja munalankhula naye pavidiyo. Mnyamatayu akuphunzira zopanga mafilimu ku Indianapolis. Kuti amalize sukulu anayenera kujambula filimu yakeyake, ndiye anasankha nkhani ya besibolo, masewera a kuno oti wina amaponya kampira, mnzake n'kukamenya ndi chibonga. Kale anthu akuda sankaloledwa m'matimu akuluakulu a azungu, anali ndi awoawo. Mafilimu ofotokoza mmene tsankholo linathera alipo kale, koma Dixon amati ambiri amathamangira poti anthu agwirana chanza. Iye ankafuna kuonetsa nkhanzazo mmene zinalili. Cholingacho sindikuchinyoza.

Ankafuna anthu okhala m'mabenchi ngati oonerera, choncho anapempha mabanja onse awiri. Alamu anu a Lameck anakondwa, mpaka anakagula chipewa chachikalekale pa kaunjika. Tinadiraiva Lamlungu m'mawa kukafika pa kabwalo kena kakale ku Indianapolis. Kumeneko ndiye tinaonana koyamba ndi makolo a Dixon, amene amakhala ku Beech Grove. Bambo ake ndi munthu wansangala, anatilandira zikwama n'kumatifunsa za kwathu.

Kenako anatigawa. Azungu anakhala pamthunzi, ife akuda anatiika kumapeto, kuseri kwa chingwe, monga zinkakhalira nthawi imeneyo. Tinkadziwa kuti ndi sewero ndipo tinaseka. Mnyamata amene ankasewera ngati wakuda woyamba m'timu ya azungu akalowa m'bwalo, azungu aja ankayenera kumukuwiza. Dixon anawapatsa mawu oti anene, koma ambiri ankachita manyazi, ankangong'ung'udza. Anabwereza kangapo, osakhutira. Pomaliza anawauza kuti aliyense anene zimene zamubwerera.

Achimwene, zimene zinatuluka m'kamwa mwa bambo ake sindingazilembe zonse. Anaimirira, nkhope itafiira, n'kuyamba ndi wosewera uja. Kenako anatembenukira kwa ife kuchingwe, kutiloza chala, kulira ngati nyani, kutiuza kuti tibwerere m'mitengo. Anaimbanso kanyimbo kotukwana anthu akuda, mawu ake onse osaphonya ngakhale amodzi. Dixon atanena kuti zakwana, iwo anapitirizabe pang'ono, kenako anaseka, anzawo n'kuwaombera m'manja.

Ine kuchipatala odwala okalamba ananditukwanapo, ndimangomeza n'kupitiriza ntchito. Koma awa ndi anthu oti tidzawatche asewere.

Pa nthawi ya nkhomaliro anabwera kwa alamu anu, kuwagwira paphewa, n'kufunsa ngati anachita bwino. A Lameck anawafunsa kumene anatenga mawu aja, poti sanali m'gulu la amene Dixon anapereka. Iwo anayankha osabisa kuti ali mwana, bambo awo ankapita nawo ku besibolo, ndipo n'kumene anawamva. Anati anangofuna kuthandiza mwana wawo. Alamu anu anawayang'ana n'kunena kuti, "Nanga kuseka kuja munathandiza nako ndani?" Tinanyamuka osadya n'kubwerera kwathu.

Tiffany akuti tikukulitsa nkhani. Akuti bambowo amamukonda, anamukonzerapo galimoto kunja kukugwa chipale chofewa. Komabe ataona mmene bambo ake akhumudwira, anapempha Dixon kuti achotse gawo limenelo. Dixon anakana, ati filimu yonse yagona pamenepo.

Mwezi watha anaionetsa kusukulu kwawo, ndipo ndinapita ndekha. Sindinkadziwa kuti nthawi imene tinkatukwanidwa ija, kamera ina inali pankhope ya alamu anu. Ndinawaona pachinsalu chachikulu, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Ndakhala nawo m'banja zaka zonsezi, nkhope imeneyo ndinangoiona tsiku limene anamva za imfa ya mayi awo. Filimu itatha anthu anaimirira kuomba m'manja. Mphunzitsi wina anandifunsa kumene amuna anga anaphunzira zisudzo. Ndinangoti sanaphunzire.

Tsopano a Lameck akuti chinkhoswe chimene tinkakonza sichichitika iwo ali moyo. Akufunsa kuti mwana wa Tiffany akadzabadwa, tikadzamusiya pakhomo paja ife kulibe, agogo akewo azidzamuimbira nyimbo iti? Tiffany anawayankha m'Chingerezi mwake muja kuti akukwatiwa ndi Dixon, osati ndi bambo ake. Anatenga zovala zake zotsala, ndipo akukhala kwa mnzake Sophia ku Lawrence. Foni ya a Lameck sayankha. Ine wandiuza kuti akamanga ukwati wawo kukhoti kumayambiriro a Disembala, popanda mwambo uliwonse.

Maganizo anga ndi osokonezeka. Sindinganene kuti bambo aja amatida, mwina iwonso sankadziwa kuti zimene zija zikadali m'kati mwawo. Paja mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi Dixon. Anaiona nkhope ija akukonza filimu, anadziwa kuti si sewero, koma anaionetsa kwa anthu osapempha mwini wake. Mpaka lero sanabwere kudzakhala pansi ndi alamu anu.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu malume ake, ndipo Tiffany amakulemekezani. Muimbireni. Lankhulani Chichewa pang'onopang'ono, amamva zonse ngakhale ayankhe m'Chingerezi. Musamuletse ukwati, mukatero atitayiratu. Mumuuze kuti Dixon abwere yekha kuno, popanda makolo ake, adzamve m'kamwa mwa a Lameck zimene anamva kuseri kwa chingwe chija. Akabwera, mwina pali poyambira. Akakana, Tiffany adziwe yekha munthu amene akukwatiwa naye. Amayi musawauze kaye, angadwale nazo.

Chinthu china ndikuuza inu nokha. Zivute zitani, tsiku la kukhotilo ine ndidzapita. Mwana ndinabala mmodzi, sangakaime pakati pa anthu aja popanda wake. Ndapempha kale tchuthi kuntchito. Alamu anu sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati ndikadzabwerako ndidzawapeze akundilankhula.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga amayi a Evelina, kwa azakhali ku Luchenza, ndi kwa ana onse. Mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Ida