Laita Imene Bambo Apempha

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga Mayi, miyendo ikuwalola? Za Bambo mwandiuza kale kuti atuluka m'chipatala ndi botolo la mpweya wa okosijeni pambali pa bedi ndi kapaipi m'mphuno, choncho ndingofunsa ngati akudya ndiponso ngati chifuwa chikuwapatsako mpata. Ine kuno ndilipo. Kuzizira kwayamba, ndipo mwininyumba akuti zenera la chipinda changa si lothyoka ayi, likungolowetsa mpweya wabwino.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, poganiza kuti mwina maso ayamba kundinamiza. Zaka zinayi ndili kunja kuno Bambo sanandipemphepo kanthu, ngakhale sokosi. Lero mapapo atatha ngati chiguduli, chinthu choyamba kupempha kwa mwana wawo wamkazi ndi laita! Ndipo inu, munthu wamkulu ndi ndevu zanu, mwakhala pansi n'kulemba bwinobwino kuti ikhale yongodina, chifukwa manja awo akunjenjemera, machesi akungothyoka, ndipo kagudumu ka malaita a pagolosale kakuwakanika. Mwawonjezanso kuti ndisade nkhawa, muzitseka botolo akamasuta. Zikomo kwambiri, adokotala. Simukuona kuti kunjenjemerako ndi kumene kwawasunga milungu itatu osasuta?

Mwati Bambo akunyadira kuti mwana wawo ndi katswiri wa malaita. Sakunama. Zaka zinayi ku yunivesite, kuloweza mayina a mipweya mpaka kuwonda, mapeto ake ntchito yanga ndi kuyatsira anthu ndudu. Chipinda chake chili pamwamba pa hotela: mipando yachikopa khumi ndi iwiri, kabati yagalasi yosungiramo fodya kuti asaume, ndi makina okoka utsi amene amalira kudenga tsiku lonse. Ndudu zake si timitengo toyera tija ta Bambo. Ndi zonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, tsamba lokhalokha lopanda pepala, ndipo imodzi munthu amasuta ola lathunthu ali duu, nkhope ngati akuganizira mavuto a dziko, chonsecho akuganizira nkhomaliro.

Popeza mwafunsa katswiri, imvani. Laita ya petulo, ya thonje ija Bambo anali nayo ife tili ana, kuno ndi tchimo lalikulu: fodya amatenga fungo lake, bwana n'kuyamba kulavula ngati wamwa madzi a m'batire. Timagwiritsa ya gasi, yotulutsa lawi lowongoka, labuluu, loti mphepo siingalizimitse. Posankha ndimayang'ana ngati ili ndi kazenera koonera gasi, ndimayang'ana chivindikiro, kenako ndimadina kakhumi. Ikaphonya kamodzi kokha, ibwerere kwawo. Wogulitsa wa musitolo ya mumsewu mwathu amati akandiona pakhomo mutu umayamba kumuwawa. Tsiku lina anati mwamuna wodzandikwatira adzayesedwanso kakhumi. Ndinamuuza kuti n'chifukwa chake ndidakali ndekha, onse amaphonya pachitatu.

Kuthira gasi nakonso kuli ndi dongosolo lake. Uyambe watulutsa mpweya wotsalira, uizondotse, uthire, kenako uifumbate m'manja itenthere, apo ayi imalavula moto ngati chidakwa. Poyatsa, lawi lisakhudze tsamba. Umangowamba kumapeto kwa nduduyo ukuitembenuza pang'onopang'ono mpaka m'mphepete monse mutafiira. Ndipo masana lawi limeneli silioneka bwino. Umangomva kulira kwake.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze aliyense kwathuko.

Tinali ndi kasitomala wokalamba amene tinkawatcha Ajaji, poti anagwira ntchito kukhoti moyo wawo wonse ndipo ankatiyankhula ngati tonse ndife oimbidwa mlandu. Ndevu zoyera mbuu, sikafu yaubweya m'khosi. Ankabwera Lachinayi lililonse masana, ndipo sankalola wina kuwayatsira koma ine. Ankati anzangawo amayatsa ndudu ngati akuwotcha zinyalala. Chaka chatha anasowa miyezi iwiri, kenako anatulukira akukoka kabotolo ka mpweya pa timatayala, kapaipi m'mphuno, chimodzimodzi Bambo.

Ndinakana. Ndinawauza a manijala kuti sindiyatsa. Ajaji anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti anaweruza anthu zaka makumi atatu, sangabwere kudzaweruzidwa ndi mtsikana wonyamula mbale ya phulusa. Anatseka botololo okha, n'kuchotsa kapaipi, n'kupatsira mlonda kuti akaike zonse kukhonde. A manijala anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti botolo latuluka, vuto latsala ndine, ndipo ngati digiri yanga ikundilemera ndikhoza kukaitula kunyumba. Mukudziwa kuti chilolezo changa chokhalira kuno chamangiriridwa pa ntchito imeneyi.

Achimwene, ine ndinkadziwa. Zimenezi tinaphunzira chaka choyamba. Mpweya umenewu sutha pamene watseka botolo. Umatsalira m'ndevu, m'malaya, m'bulangete, ndipo chinthu chimene chikanangonyeka pang'ono chimayaka ngati pepala. Ndinkadziwa, komabe ndinadula nduduyo kumutu, ndinaiwamba, ndinawapatsa, n'kuyandikitsa laita kuti akoke. Laita yanga, yosankha ndekha, yoyesedwa kakhumi. Sinaphonye.

Sikafu ndiyo inayamba kuyaka, kenako ndevu. Ndinawaphimba ndi nsalu ya patebulo n'kuwathira madzi a m'jagi. Chipsera chija munachiona pachithunzi padzanja langa, ndinakunamizani kuti ndi simbi, chinachokera pamenepo. Ajaji sanakuwe. Ankangondiyang'ana, kukamwa kuli yasa, akufunafuna mpweya umene unali kukhonde. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo sanabwerere kwawo, anatsikira kuli chete komweko. Ofufuza analemba kuti inali ngozi. A manijala anasintha kapeti ndi mpando umodzi. Lachinayi lotsatira ndinali pantchito, ndikumwetulira, ndikuyatsira wina. Fungo la ndevu zopsa limandipezabe ngakhale m'basi.

Ndiye mukandiuza kuti muzitseka botolo, ine ndimaona chipinda cha Bambo. Ndimaona bulangete lija laubweya limene salola kuti lichapidwe, makatani, mulu wa nyuzipepala pansi pa bedi, ndi Mayi ali pampando wawo pafupi pomwepo, ndi miyendo yoti sangathawe nayo.

Poyamba ndinaganiza zongokana. Koma Bambo mumawadziwa. Ndikakana atuma mnzawo uja womata matayala, ndipo dzuwa lisanalowe yongodinayo ili m'manja mwawo. Koma akamadikira ya mwana wawo, imene auza kale msewu wonse kuti ikubwera, ya munthu wina sangailandire. Kudzimva kwawo sikungawalole.

Choncho laita ndagula. Loweruka ndinapita kwa wogulitsa uja n'kusankha yabwino kuposa zonse, yachitsulo, yolemera m'dzanja, yodina ndi chala chimodzi ngakhale chonjenjemera. Ndinadina kakhumi, inayaka kakhumi. Wogulitsayo anaomba m'manja, akuti lero mfumukazi yakhutira, atseke sitolo akapume. Nditafika kuchipinda kwanga ndinayala thaulo patebulo, monga Bambo ankachitira pokonza mawailesi kuti timabauti tisagubuduke. Ndinatulutsa gasi yense, ndinaimasula, ndinadula kawaya kothethetsa moto mkati mwenimweni, n'kuthira guluu wolimba m'kanjira ka gasi. Kenako ndinabwezeretsa chilichonse pamalo pake ndi kuipukuta. Ikudina mokoma kwambiri. Siidzayakanso.

A positi salola laita yokhala ndi gasi, choncho ikafika yopanda kanthu palibe adzadabwe. Bambo adzakutumani gasi. Musakangane nawo, kaguleni, koma mukathirire panja, kutali ndi chipinda chawo. Gasiyo sadzalowa. Kenako adzaitanitsa bokosi lawo la zipangizo. Apatseni. Munthu amene anakonza mawailesi a anthu zaka makumi anayi sangavomere kuti wagonja ndi kachitsulo kokwana m'thumba. Ndi manja amenewo, kumasula kabauti kamodzi kudzawatengera tsiku lonse. Adzalimbana nako milungu, mwina miyezi, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndikuifuna.

Pempho langa ndi limodzi. Laitayo isatuluke m'nyumbamo kupita kwa wokonza wina aliyense, makamaka uja wa pansi pa masitepe a kumsika, amene Bambo anamuphunzitsa okha ntchito. Ameneyo adzaona guluuyo asanakhale n'komwe pansi, ndipo pakamwa pake sipatseka. Bambo akadzati mupite nayo, iikeni m'thumba, muzungulire msewu, mubwere mudzanene kuti mwapeza watseka, wasamuka, wamangidwa, chilichonse chimene chakubwererani. Munkanama bwino kwambiri muli mnyamata. Musandiuze kuti luso limenelo linatha ndi ukwati.

Ndikudziwa chimene adzanene. Adzati anagulitsa njinga yawo yamoto kuti ine ndiphunzire, ndawoloka nyanja, ndipo ngakhale laita yeniyeni sinditha kusankha. Adzauza aliyense wobwera kudzawaona, ndi anamwino omwe. Asiyeni anene, musanditeteze. Mundilembere mawu awo onse osachotsapo ngakhale limodzi. Ndikamawerenga chipongwe chawo ndidzadziwa kuti mpweya wonenera akadali nawo.

Moni kwa Mayi. Muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo ali m'phukusi lomwelo, ndipo amenewo ndi enieni. Moni kwa alamu, amene ndikudziwa kuti ndiwo akusenza zonse pamene inu mukulemba makalata opempha malaita. Moni kwa azakhali ndi amalume, ndipo ana muwapsompsonere pachipumi. Kalatayi mukaiwerenga muing'ambe, musaiwotche m'nyumba.

Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Muwauze kuti ndasankha ndekha, ndipo ndinaiyesa kakhumi.

Ndine mlongo wanu,
uja Bambo amamutcha Profesa akakwiya.