Kaseti Yanga Yokha Ilibe Mtanda

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, a Kalekale, mwana wa achimwene anga. Ine zakhali anu sukulu ndinangoisuzumira pawindo, koma kuwerenga zaka ndimatha.

Tikukumbukabe mmene munkafikira ndi kawailesi kanu kojambulira mawu, n'kukakhazika patebulo ngati mlendo wodikira tiyi. Munkaseka mpaka kuvula magalasi. Munkati chilichonse chinachitika chili ndi mboni yake, bola kuifunsa isanatsinzine. Akazi anu mpaka pano sanachotse mabuku pampando wanu uja. Ana anu awiri akamakangana amafunsana kuti umboni uli kuti, ndendende inuyo.

Koma ine mantha andigwira. Ophunzira anu a mbiri yakale ananditenga kukaona ofesi yanu ku yunivesite. Makaseti a nkhalamba zonse zimene munazijambula ali m'kabati, ndipo mwini mawu akamwalira amalembapo kamtanda. Ndinayendetsa chala mzere wonse: mtanda, mtanda, mtanda. Yanga yokha ndiyo ilibe. Mlembi wa mu ofesimo anabisa cholembera kumbuyo, koma ndinachiona.

Imfa ndiye ibwera ndithu. Chondiopsa ndi chimene chili m'kasetimo. Paja ndinakuuzani kuti bambo anga, agogo anu, ndiwo anatsogolera sitalaka ya onyamula katundu pa siteshoni ya sitima. Kunali kucheza chabe, mwanawe. Tsiku limenelo iwo anabisala mumgolo wa madzi mpaka asilikali atapita. Ndinkadikira kuti museke, inu n'kuyamba kulemba, nkhope ili gwa. Kubweza mawu kunandichititsa manyazi.

Tsopano mtsikana wina amene munkamuphunzitsa walemba buku lonse la digiri yake pa bodza langalo, ndipo mwezi wamawa akaima pamaso pa maprofesa. Iwo akalitulukira bodzalo, mwana wa eni ake agwa, ndipo adzati mphunzitsi wake sankafufuza bwino. Ndikangofa duu osaulula, ndidzakuyang'anani ndi maso ati kumeneko? Choncho mtsikanayo ndamuitana Loweruka lino kuti abwere ndi kaseti yatsopano. Mgolo uja ulowe m'mbiri. Mtanda udikire kaye.

Sitidzakuiwalani, a Kalekale. Tikadzakumana mudzandikalipire, koma motsitsa mawu, agogo anu angamve.