Mwana wako si chipatala

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji pamodzi ndi apongozi anga ndi ana onse? Mutu uja unkakuvuta unasiya? Ine kuno ndili bwino, mwendo wokhawu ndi umene umandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe a nyumba ino.

Ndalemba kalata dala m'malo moimba foni, chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Pepala sungalidule. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Mwana wako, Kamagalasi wangayu, ali moyo koma watha. Siketi ija unamusokera ikuchita kuzungulira yokha m'chiuno. Pamene munandituma kuno kuti ndizimuphikira ndi kumuchapira, ndinkati ndikukasamala munthu wongokhala pampando tsiku lonse. Ndinkadziwa chiyani ine! Sukulu ya zamankhwala ndi ntchito yakalavulagaga, kungoti thukuta lake silioneka.

Amachoka m'mawa tiyi asanazizire n'komwe. M'mawa ali m'kalasi, masana ali mu labu, chipinda chimene amayezera ndi kusakaniza mankhwala ali chiimire, atavala jasi loyera. Jasilo ndimachapa ndine, ndipo limabwera ndi madontho achikasu osamva sopo. Akafika kunyumba sagwera pabedi, amagwera patebulo. Mayeso ndi sabata iliyonse. Akamaliza awa, ena aima kale pakhomo.

Buku lake limodzi ndinayesa kulisuntha kuti ndipukute tebulo, ndinachita kuitana Mulungu. Mayina a mankhwala ndi ataliatali ngati sitima, ndiye amawalemba patimapepala n'kumamata paliponse: pachitseko, pandowa, pagalasi, ngakhale pachitini cha shuga. Dzina lililonse ayenera kudziwa chimene limachiza, chimene limawononga m'thupi, munthu amene sayenera kumwa, ndi mankhwala ena amene limadana nawo. Eya, nawonso amadana, kuposa akazi a mwamuna mmodzi. Kenaka pali masamu, akuti mwana wolemera chakuti amwe mochuluka bwanji. Wandiuza kuti ukaphonya pang'ono pokha, mphunzitsi sakupatsa ngakhale theka la malikisi, chifukwa kuchipatala kulibe theka, munthu amangofa basi.

Ine wandisandutsa wodwala woyeserera. Amandikhazika pampando, iye n'kuima kuseri kwa tebulo ngati ali pawindo lopereka mankhwala, n'kumandifotokozera kamwedwe kake. Ndimamuvuta dala. Ndimamuuza kuti ndimwa onse lero lomwe kuti ndichire msanga, kapena kuti ndikagawirako mnzanga wa kutchalitchi amene akutsokomola chimodzimodzi. Amagwira mutu n'kunditcha agogo ovuta kuposa mphunzitsi. Ndi nthawi yokhayo imene ndimaona mano ake.

Tsopano imva chimene ndalembera. Mwana wako walephera phunziro limodzi, la mu labu lija. Ndikudziwa kuti iwe wakhala akukuuza kuti zonse zili bwino. Usathamangire foni, ndipo usayambe kulira. Si ulesi. Si mwamunanso, ndikanamuona, chipinda n'chimodzi. Amene mwamulepheretsa ndinu, anthu a kwathu.

Ukukumbuka unatumiza bambo ake aang'ono ndi m'mimba mwawo muja? Munangoti pitani, kuli dokotala wathu kumeneko. Anafika ndi chikwama komanso jumbo lodzaza mapiritsi akalekale opanda mapepala ake, ofiira, oyera, ena ataphwanyika kale. Anakhuthula zonse pamwamba pa mabuku, akuti mwana awauze lililonse ndi la chiyani. Bedi linakhala lawo, mwana pansi pambali panga, tebulo linasanduka poikapo wailesi yawo.

Kuchipatala ndinati ndiwaperekeze ine. Anakana, akuti nkhalamba ikawathandiza chiyani, iwo akufuna wa jasi loyera kuti asakaime pamzere. Mwana anawafotokozera mwaulemu kuti iye ndi wophunzira chabe, kuchipatalako ngakhale mlonda samudziwa. Iwo anati ee, mwana wayamba kunyada, waiwala amene ankamubereka kumbuyo. Basi, mwana anavala nsapato n'kupita nawo. Anaima pamzere ngati wina aliyense, lero kukayezetsa magazi, mawa kukajambulitsa, tsiku lina kukamva zotsatira. Masiku onsewo anzake anali mu labu. Za mu labu si zokopera kwa mnzako ngati notsi ayi. Uyenera kuyeza ndi manja ako mphunzitsi akuona, ndipo tsiku likapita lapita.

Nanga matendawo? Madokotala enieni anapeza kuti ndi mpweya, chifukwa cha kudya mothamanga ngati wina awalanda mbale. Anabwerera kwanuko atanenepa, unawaona wekha.

Asanafike n'komwe kunyumba, kunatulukira msuweni wako ndi dzino. Dzino, mwana wanga! Ngati kwanuko ozula mano anatha. Za pafoni ndiye sindinena. Uyu watumiza chithunzi cha piritsi limene walipeza m'thumba la buluku, uyu akufunsa ngati angamwe mankhwala a mkazi wake. Wina, sindimutchula koma akudzidziwa, anatumiza chithunzi cha chotupa cha malo osayenera ife tili pakudya. Ndipo mwanayu amayankha aliyense. Ambiri amawauza kuti apite kuchipatala chifukwa iye saloledwa kuuza munthu mankhwala, koma kuti awauze zimenezo mowanyengerera, tsamba limene amawerenga lazizira.

Asukulu amupatsa mwayi umodzi wokha wolembanso kumapeto kwa mwezi uno. Akakhoza, apitirira ndi anzake. Akalephera, abwereza chaka chonse. Ine ndimagona naye chipinda chimodzi, ndikukuuza kuti chaka china ngati chino sangachinyamule. Tsiku lina tikutsuka mbale anangoti mwina angosiya, abwerere kunyumba azikagulitsa m'sitolo. Anazinena maso ali gwa, opanda msozi, ngati akunena za mvula. Akanalira sindikanaopa.

Ndiye dzulo foni inalira. Azakhali ake, mlongo wa mwamuna wako, akuti akubwera sabata yamawa ndi msana wawo. Ndinamva mwana akuwauza kuti abwere, palibe vuto. Iye sangakane. Munamulera bwino mopitirira muyeso. Mwamwayi ine amayi anga sanandilere choncho.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo silifuna kuti utulutse kanthu m'thumba. Upite wekha ndi miyendo yako kwa azakhali akewo, ukawauze kuti asakwere basi. Usatume mwana, usalembe pafoni. Msana umenewo akhala nawo kuyambira iwe usanakwatiwe, ungadikire mpaka mwezi uthe. Uuzenso onse amene akumva kuyabwa penapake kuti khomo lino latsekedwa mpaka mayeso alembedwe.

Sindine wouma mtima. Ngati zafikadi poipa, moti chipatala cha kwanuko chawatumiza kuno, abwere. Koma kudepoti ndikawalandira ndine. Pamzere ndikaima nawo ndine ndi mwendo wangawu, tizikadandaula tonse awiri. Kogona ndakonza kale kwa amayi osoka zovala a nyumba yoyandikana nafe, ali ndi kachipinda kosungira nsalu ndipo avomera. Mwanayo adzamuona akadzatuluka m'mayeso, osati tsikulo lisanakwane.

Kuyambira dzulolo, foni yake masana ikukhala m'thumba la epuloni yanga. Anakana poyamba, ndinamuuza kuti asankhe, foni kapena chakudya chamadzulo. Woimba aliyense akuyankhidwa ndi ine. Bambo ake aang'ono ayesa kale, akuti m'mimba mwayambanso. Ndawauza kuti azitafuna.

Ndikudziwa uti ndikukuyambanitsa ndi abale a mwamuna wako. Undisenzetse ine zonse. Ukawauze kuti ndi nkhalamba ija yolongolola, akundidziwa kuyambira tsiku la ukwati wako. Akwiye, kukwiya sikupha. Nonse mumafuna kuti pabanja pakhale wamankhwala, ndipo mumanyadira kutchalitchi ndi kumsika. Mulekeni akhale kaye wamankhwalayo. Ukamuimbira, usamufunse za phunziro lija, adzakuuza yekha. Ungomufunsa ngati wadya.

Upereke moni kwa apongozi anga, uwawerengere kalatayi osadumpha mzere, makamaka pamene pakunena za mng'ono wawo. Moni kwa mng'ono wako ndi khanda lake, kwa adzukulu anga onse, ndi kwa anzanga a kwaya, uwauze kuti mawu anga akadalipo. Azakhali akenso uwapatse moni wanga, awotche msanawo ndi nsalu ya madzi otentha.

Mwana wangolowa kumene, wandipeza ndikumaliza. Wafunsa ngati ndi kalata ya kunyumba, ndavomera. Akuti ndikupatse moni wambiri, ndipo ndilembe kuti azakhali abwere ndithu, malo alipo. Ndamulonjeza kuti ndilemba, ndiye ndalemba. Asabwere.

Ndine amene ndinakubala,
Mayi ako